Kukweza tambula ndi kunena "cheers": mwambowu unachokera kuti?

Wowerenga wina wafunsa kuti: "Mchimwene wanga akukwatira mwezi wamawa, ndipo a komiti ya ukwati andisankha kuti ndidzaimirire, ndikweze tambula ndi kutsogolera anthu kunena mawu aja akuti cheers. Ineyo sindimwa mowa, ndiponso ndine munthu wopemphera. Mnzanga wina akuti mwambowu unayamba chifukwa azungu akale ankaopa kuthirirana poizoni, pamene wina akuti ndi kupembedza mizimu. Zoona zake ndi ziti, ndipo ndidzachite bwanji kuti ndisachite manyazi komanso ndisadziimbe mlandu mumtima?"

Anzanu awiriwo aliyense wagwira kachidutswa ka nkhaniyi, koma kachidutswa ka woyambayo ndi kofooka kwambiri ngakhale kuti ndi kamene kanafala dziko lonse. Ndiyambe ndi ka poizoniko chifukwa ndi kamene kamakoma kufotokoza pagulu. Nthanoyo imati kale ku Ulaya anthu olemera ankaphana pothirirana poizoni m'vinyo, choncho awiri akafuna kumwera limodzi ankagundanitsa zikho zawo mwamphamvu kuti chakumwa cha uyu chidumphire m'chikho cha uyo, ndipo wa chiwembu aope kufa nawo. Mukhoza kuyesa nokha kunyumba. Tengani matambula awiri, limodzi la madzi oyera, linalo la Sobo, muwagundanitse monga amachitira pa ukwati. Madzi oyerawo sasintha mtundu. Kuti kanthu kadumphe muyenera kudzaza matambulawo mpaka pakamwa ndi kuwamenyanitsa ngati mukufuna kuwaswa, ndipo chimene chinganyowe ndi nsalu ya patebulo ndi malaya anu. Mabuku akale amene amafotokoza za madyerero a mafumu satchula njira imeneyi. Munthu amene ankaopadi poizoni ankalemba wantchito woti azilawa chakudya ndi chakumwa iye asanadye. Nehemiya wa m'Baibulo anali woperekera chikho kwa mfumu Aritasasta ya ku Perisiya, udindo umene ankaupereka kwa munthu wokhulupirika zedi. Ku Italy kabati kamene ankaikapo zakudya kuti zilawidwe zisanapite patebulo la bwana kankatchedwa credenza, dzina lochokera ku mawu otanthauza kukhulupirira, ndipo dzinalo lidakalipo mpaka lero pa makabati a mtundu umenewo.

Chodabwitsa n'chakuti mwambo wotsimikizira mlendo kuti m'chakumwa mulibe choipa uliko ndithu, ndipo sitifunika kuwoloka nyanja kuti tikauone. Ndikukumbukira dima ina kumudzi, anthu ataweruka kupalira chimanga n'kukhala pamthunzi makasu atawaunjika pambali. Mayi amene anafulula mowawo anabwera ndi mtsuko, nagwada, navundula masese ndi chikho, natunga kudzaza chipanda. Asanapereke kwa aliyense anauzira thovu kumbali, namwa iye mwini kamodzi anthu onse akuona, kenaka anapukuta pakamwa pa chipandacho ndi chikhatho n'kupereka ndi manja awiri kwa mkulu wa onse. Mkuluyo anapendeketsa chipanda kuti madontho angapo agwere pansi, namwa, napatsira amene anali kudzanja lake, ndipo chipandacho chinazungulira mpaka kubwerera chili gwa. Panalibe wonena cheers, panalibenso chogundanitsa, pakuti chomwera chinali chimodzi. Koma zonse zimene mwambo wa tambula umayesa kunena zinalipo pamenepo: mwini mowa watsimikiza kuti mtima wake ndi woyera, akuluakulu alemekezedwa, amene anatsogola akumbukiridwa, ndipo anthu amwera pamodzi.

Apa ndi pamene pagona yankho langa. Kukweza tambula ndi mwana wa miyambo iwiri yakale kwambiri, wa kumwera chikho chimodzi ndi wa kuthira nsembe ya chakumwa, ndipo kugundanitsako kunabwera mochedwa, pamene aliyense anayamba kukhala ndi chomwera chakechake. Anthu amene sakupatsirananso chikho amangokhudzanitsa zomwera zawo kwa kamphindi, ngati kuti zabwereranso kukhala chimodzi.

Umboni wa chikho chimodzicho uli m'mawu enieniwo. Agiriki akale anali ndi mneni wakuti propinein, ndipo Aroma anautenga n'kumati propinare, kutanthauza kuyamba kumwa iwe kenaka n'kupereka chikho chomwecho kwa munthu amene ukumulemekeza. N'chimodzimodzi ndi zimene anachita mayi wa pa dima uja. Mawu a Chisipanishi akuti propina, amene lero amatanthauza kandalama kothokozera woperekera zakudya, anachokera komweko. Ku Scotland kuli kachikho kosazama ka zogwirira ziwiri kotchedwa quaich, kamene mpaka pano mkwati ndi mkwatibwi amamweramo onse awiri pa ukwati. Mabungwe akale a amisiri ndi amalonda a mu London ali ndi mwambo wa chikho chachikulu chasiliva chimene chimazungulira tebulo lonse, ndipo pamene mmodzi akumwa, woyandikana naye amaimirira kumbuyo kwake ngati mlonda. Iwo amafotokoza kuti zimenezi zimakumbutsa imfa ya mfumu Edward ya ku England, imene inaphedwa ku Corfe m'chaka cha 978, ndipo nkhani yake imati inabayidwa pamene inkalandira chakumwa. Choncho ngati panali mantha pa mwambo wa kumwa ku England, anali mantha a mpeni pamene manja onse awiri atanganidwa ndi chikho, osati a poizoni wodumpha.

Mnzanu wachiwiri uja, wonena za mizimu, ali pafupi ndi zoona. Agiriki akamaliza kudya n'kuyamba gawo la kumwa, limene ankalitcha symposion, sankayamba popanda kuthira pansi vinyo pang'ono. Mwambo wofala unali wakuti mbiya yoyamba ya vinyo wosakaniza ndi madzi ikhale ya milungu yawo ikuluikulu ya pa phiri la Olympus, yachiwiri ya ngwazi zakale, ndipo yachitatu ya Zeus mpulumutsi. Aroma nawonso ankathirira milungu ya panyumba. M'chaka cha 30 Khristu asanabadwe, Octavian, wolamulira wa Aroma amene pambuyo pake anatchedwa Augustus, atagonjetsa Antony ndi Cleopatra, nyumba ya malamulo ya ku Rome inalamula kuti pa madyerero onse, a boma ndi a panyumba omwe, anthu azithira nsembe ya chakumwa m'dzina lake. Lamulo limenelo ndi lofunika pa nkhani yathu chifukwa likuonetsa ulemu wa chakumwa ukuchoka kwa milungu yosaoneka n'kupita kwa munthu wamoyo amene ali ndi udindo. Mwambo womwera ulemu wa mfumu kapena wa mtsogoleri wa dziko pa maphwando a boma, umene ulipo mpaka lero, ukuyenda m'njira yomweyo.

Nsembe ya chakumwa sinali ya Agiriki ndi Aroma okha. Buku la Genesis 35:14 limati Yakobo anaimika mwala pamalo pamene Mulungu analankhula naye n'kuthirapo nsembe ya chakumwa, pamene mneneri Yeremiya, pa 7:18, akudzudzula anthu othirira nsembe yotereyi kwa milungu ina. Kwathu kuno makolo ankafulula mowa wa nsembe mvula ikavuta kapena matenda akabuka, n'kukathira pa kachisi kapena patsinde pa mtengo, ndipo ku Khulubvi m'boma la Nsanje, kumene amakumbukira Mbona, nsembe zimaperekedwabe. Madontho aja anagwetsa mkulu wa pa dima ndi kachidutswa ka mwambo womwewu.

Komabe pali kusiyana kumene mnzanuyo wakudumpha. Wothira nsembe amataya chakumwa kuti chipite kwa amene sakuoneka, ndipo amalankhula ndi iwowo. Wokweza tambula pa ukwati sataya kanthu, amamwa iye mwini, ndipo mawu ake amapita kwa anthu amene akuwaona ndi maso, kuwafunira zabwino. Ku Ulaya Chikhristu chitafika, mwambowu sunafe koma unasintha eni ake: anthu anayamba kumwera chikumbutso cha oyera mtima, ndipo m'madera ena a ku Germany ndi Austria ansembe amadalitsabe vinyo pa 27 Disembala, tsiku la Yohane woyera, kuti anthu amwe pokumbukira chikondi chake. Kenaka mwambowo unatsikira kwa mfumu, kwa mwini nyumba, kwa mnzako wa patebulo. Pofika lero, mawu amene mitundu yambiri imanena ndi ofanana ndi moni wa tsiku ndi tsiku. Afalansa amati santé, Asipanishi salud, Aitaliya salute, a ku Ireland sláinte, olankhula Chiafrikaans ku South Africa gesondheid, ndipo abale athu a ku Tete ndi Angónia amene amalankhulanso Chipwitikizi amamva saúde pa maphwando a m'tauni. Onsewa akutanthauza thanzi. Ajeremani amati prost, kuchokera ku Chilatini prosit, kutanthauza kuti zikupindulire. Ayuda amati l'chaim, kutanthauza ku moyo. A ku Denmark, Norway ndi Sweden amati skål, amene ndi mawu akale otanthauza mbale yakuya yomwera, umboni winanso wa chikho chozungulira chija. Pali nthano yakuti mawuwa amanena za zibade za adani zimene ankhondo akale a kumeneko, otchedwa Viking, ankamweramo, koma imeneyonso ndi ya gulu limodzi ndi ya poizoni ija. Fakitale ya Carlsberg imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968 inali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, komabe skål sanazike mizu kuno. Amene anapambana ndi cheers wa Angerezi, amene anabwera ndi sukulu, makalabu a atsamunda ndi mafilimu.

Mawu akuti cheers ali ndi mbiri yosayembekezeka. Anachokera ku Chifalansa chakale chiere, kutanthauza nkhope. Kuchoka pa nkhope anayamba kutanthauza mmene nkhopeyo ikuonekera, kenaka chisangalalo chenichenicho, ndipo kuwanena pokweza tambula ndi chizolowezi cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, chaching'ono kwambiri poyerekeza ndi mwambo wake. Angerezi akale ankati wassail, kuchokera ku mawu otanthauza kuti khala wathanzi. Geoffrey wa ku Monmouth, polemba cha m'ma 1136, anasimba za mwana wamkazi wa mtsogoleri wa Asaxon amene anapereka chikho kwa mfumu Vortigern ya ku Britain ndi mawu amenewa, mfumuyo n'kuphunzitsidwa kuyankha kwake. Mbiri ya Geoffrey ili ndi nthano zambiri, koma ikutionetsa kuti m'nthawi yake mwambowu unali wodziwika ndipo unali wa chikho chopatsirana.

Mwambo wokweza tambulawu Angerezi amautcha toast. Nanga toast, amene ambiri timamudziwa ngati buledi wowotcha wa m'mawa, akulowa bwanji m'nkhani ya zakumwa? Ndi buledi yemweyo. M'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 Angerezi ankaponya kachidutswa ka buledi wowotcha, nthawi zina wothira zokometsera, m'chikho cha vinyo kapena mowa kuti chakumwacho chikome, pakuti vinyo wa nthawiyo nthawi zambiri ankakhala wowawasa. Cha m'ma 1700 dzinalo linasamukira kwa munthu: mkazi amene amuna ankamwera ulemu wake ankatchedwa toast, ngati kuti dzina lake likukometsa chakumwa monga buledi uja. Nyuzipepala ya The Tatler mu 1709 inasindikiza nkhani yoseketsa ya mkazi wokongola amene ankasamba m'madzi otentha a mumzinda wa Bath, mwamuna wina n'kutunga madzi osambawo kumwera thanzi lake, ndipo mnzake woledzera n'kunena kuti chakumwacho sachifuna koma akufuna buledi wake, kutanthauza mkaziyo. Kaya zinachitikadi kaya wolembayo anangokometsa, mawuwa anakhazikika potanthauza munthu wolemekezedwayo, kenaka mwambo wonsewo.

Kulira kwa matambula nakonso kuli ndi mbiri yake. Zikho za mtengo, za nyanga kapena za dothi zikagundana zimangoti phu, ndipo palibe amene angasangalale nazo, monganso zipanda ziwiri sizingalire. Mu 1674 George Ravenscroft wa ku London analandira chilolezo cha boma chopangira galasi la mtundu watsopano, ndipo patapita nthawi pang'ono anayamba kuthiramo mtovu. Galasi la mtovu ndi lolemera, lowala, ndipo likagundidwa limalira ngati belu kwa nthawi ndithu. Zomwera zotere zitafala m'nyumba za anthu opeza bwino, kugundanitsa kunasanduka chinthu chokoma kumva. Mudzaone pa ukwatipo kuti matambula a shampeni kapena a chakumwa chilichonse cha mpweya salira bwino. Timathovu ta mpweya timameza kunjenjemera kwa galasi, ndipo phokoso limatuluka logontha. Chakumwacho chikatha mpweya tambula lomwelo limayambanso kulira.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuona kuti chikukukhudzani kwambiri, inu amene simumwa. Anthu opemphera amene anadana ndi mwambowu m'mbiri sanadane nawo chifukwa cha mizimu yokha. Chachikulu chinali chikakamizo. Ku Rome kunali chizolowezi chakuti pomwera ulemu wa wokondedwa munthu amwe miyeso yofanana ndi chiwerengero cha zilembo za dzina lake, moti mkazi wa dzina lalitali ankagwetsa amuna pansi. Ku England m'zaka za m'ma 1600 munthu akamwera thanzi lako unkayenera kubwezera ndi chikho chodzaza, ndipo kukana kunali chipongwe chimene chinkatha kuyambitsa ndewu. Patebulo la anthu khumi ndi awiri, aliyense akamwera aliyense, palibe ankabwerera kwawo ndi miyendo yake. William Prynne, loya wa gulu la Akhristu okhwimitsa malamulo lotchedwa Apuritan, analemba kabuku mu 1628 kotsutsa mwambowu, ndipo mutu wake weniweniwo unkaseka kuti kumwera thanzi ndiko matenda. M'zaka za m'ma 1630 atsogoleri a dera la Massachusetts ku America anafika pouletsa ndi lamulo, koma anthu sanamvere ndipo lamulolo linachotsedwa patapita zaka zochepa. Vuto lomweli lilipo lero ku China, kumene mawu akuti ganbei amatanthauza kuumitsa chikho, ndipo pa madyerero a malonda mlendo amayembekezeredwa kugugudiza kachikho ka baijiu, kachasu wawo wamphamvu, nthawi iliyonse imene wina waimirira. Kanpai wa ku Japan ndi geonbae wa ku Korea ndi mawu omwewo m'katchulidwe kena, ngakhale ku Japan sakakamiza kumaliza. Buku la Estere 1:8 limasimba kuti pa phwando la mfumu Ahaswero panali lamulo lakuti pasakhale wokakamiza mnzake kumwa. Kuti mfumu ichite kulamula chotero, ndiye kuti kukakamizana kunali kofala kale.

Chifukwa mwambowu ndi kuvomereza pagulu, wakhala ukugwiritsidwanso ntchito pokana. Mfumu James yachiwiri itathamangitsidwa ku Britain mu 1688 n'kuthawira ku France, anthu amene ankaitsatirabe ankati akauzidwa kumwera mfumu, ankadutsitsa kaye tambula pamwamba pa chotengera cha madzi, kusonyeza mwakachetechete kuti akunena mfumu ya kutsidya kwa nyanja. Ku Hungary, akuluakulu a nkhondo 13 ataphedwa ku Arad pa 6 Okutobala 1849 kuukira kwawo ulamuliro wa Austria kutalephera, kunafala mbiri yakuti asilikali a Austria anakondwerera pogundanitsa makapu a mowa. Anthu a ku Hungary amati analumbira kusagundanitsa makapu a mowa kwa zaka 150. Zakazo zinakwana mu 1999, koma achikulire ambiri sagundanitsabe, ngakhale kuti vinyo amagundanitsa popanda vuto.

Ngati mukufuna chitsanzo chabwino cha ntchito imene mwapatsidwa, yang'anani ku Georgia, dziko la m'mapiri a Caucasus. Kumeneko phwando limatchedwa supra, ndipo limakhala ndi mtsogoleri wotchedwa tamada, amene amasankhidwa chifukwa cha luso la pakamwa ndi kudziwa anthu amene ali patebulo. Palibe amene amamwa vinyo mwachisawawa. Tamada amaimirira n'kulankhula za mtendere, za eni nyumba, za makolo, za amene anamwalira, za ana, chimodzichimodzi mwa dongosolo, ndipo akamaliza gawo lililonse anthu amayankha kuti gaumarjos, mawu ofunira chipambano, kenaka n'kumwa. Pa mfundo zikuluzikulu amamwera m'nyanga yotchedwa kantsi, imene singaikidwe pansi isanathe. Tamada woledzera ndi chamanyazi, chifukwa ntchito yake ndi mawu. Munthu wa kwathu amene anaonapo ankhoswe akulankhula pa chinkhoswe, kapena nyakwawa ikuyendetsa mwambo pamaso pa mfumu, sangadabwe ndi zimenezi. Cholemera pa mwambowu ndi zimene zanenedwa ndi kuvomera kwa gulu. Chimene chili m'tambula ndi chidindo chabe.

N'chifukwa chake kusamwa mowa kwanu si chopinga. Pa maphwando a boma m'mayiko ambiri atsogoleri amene samwa amakweza tambula la madzi a zipatso, ndipo palibe amene amaona chachilendo. Pa maukwati ambiri a mpingo kuno kwathu botolo limene amatsegula ndi la madzi a mphesa a mpweya opanda mowa, ndipo thobwa nalonso lingagwire ntchito yomweyo mwaulemu wonse. Mudzamva ena akunena kuti kukweza tambula la madzi enieni kumabweretsa tsoka. Chimenecho ndi chikhulupiriro cha amalinyero ndi asilikali a panyanja, amene ankati wochita zimenezo adzamira, ndipo chili ngati china cha ku Germany ndi France chakuti wosayang'ana mnzake m'maso pogundanitsa adzakhala zaka zisanu ndi ziwiri za tsoka m'chikondi. Kuyang'anana m'maso n'kwabwino pakokha chifukwa kumasonyeza kuti mukunena ndi munthuyo, koma tsokalo musalisamale.

Pa za chikumbumtima, maganizo anga ndi akuti chiyambi cha chinthu sichilamula tanthauzo lake mpaka muyaya. Mphete ya ukwati, keke ndi chophimba kumutu cha mkwatibwi zonse zili ndi mizu m'miyambo ya Aroma akale, ndipo palibe amene amaganiza za milungu ya Aroma poziona. Mukaimirira n'kunena kuti mukufunira banja latsopano mtendere, simukuitana mzimu uliwonse. Komabe mipingo imasiyana pa nkhaniyi, ndipo ngati wanu umaletsa kapena mtima wanu sukumasuka, musadzikakamize, pakuti mukatero mudzakhala mwagwa m'vuto lenileni limene Prynne ankadandaula nalo. Mukhoza kuuza a komiti kuti mudzalankhula mawu ofunira zabwino n'kupempha anthu kuwomba m'manja kapena amayi kululutira, ndipo cholinga chidzakwaniritsidwa.

Mukasankha kuchita mwambowo wonse, pali zinthu zingapo zoti mukonzekere. Choyamba, gwirizanani ndi woyendetsa mwambo kuti musaitanidwe zakumwa zisanagawidwe. Ndinakhalapo pa ukwati wina mu holo yodzaza pamene mnyamata anaimirira, nalankhula bwino kwambiri, nafuula kuti tonse tikweze matambula, koma matebulo a kumbuyo anali asanalandire kanthu. Ena anakweza mabotolo osatsegula, agogo ena anakweza kambale ka keke, ndipo kuseka kunameza mawu ake omaliza. Nthawi yabwino ndi pamene anthu akhazikika, osati mkati mwa perekaniperekani pamene nyimbo ikugunda ndipo maso a onse ali pa lichero la ndalama.

Mawu anu akhale aafupi, mphindi ziwiri kapena zitatu. Yambani ndi kulemekeza mafumu ngati alipo, abusa, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi makolo, monga mwa mwambo wathu, kenaka dzitchuleni kuti ndinu ndani kwa mkwati. Nenani chinthu chimodzi chenicheni chimene mukudziwa za achimwene anu, chimene chikusonyeza khalidwe lawo, ndi chimodzi cha alamu anu, kuti a kuchikazi asaone ngati mwana wawo waiwalika. Nkhani za zibwenzi zakale ndi nthabwala za kuchipinda zisiyeni, chifukwa apongozi ali pomwepo. Pomaliza pemphani anthu kuimirira, kwezani tambula kufika pa msinkhu wa maso, muyang'ane awiriwo, ndipo munene mawu aafupi amene gulu lingathe kubwereza. Simukakamizidwa kunena cheers. Mukati "Moyo wautali ndi mtendere kwa banja latsopano!" anthu n'kuyankha kuti "Mtendere!", agogo a kumudzi adzamva chimene akuvomereza, zomwe sizichitika kawirikawiri ndi mawu achingerezi aja. Mwa chizolowezi cha Angerezi, amene akulemekezedwawo amakhala pansi ndipo samwa nawo, chifukwa munthu sadzimwera yekha ulemu. Amangothokoza, ndipo akafuna amabwezera pambuyo pake. Ndi bwino kuwauziratu mkwati ndi mkwatibwi zimenezi kuti asadzasokonezeke.

Simuyenera kuzungulira holo yonse kugundanitsa ndi aliyense, kapena kutambasula dzanja kudutsa pamaso pa anthu. Kukweza ndi kugwedeza mutu n'kokwanira kwa amene ali patali. Mukamagundanitsa ndi wamkulu, tsitsani tambula lanu kuti pakamwa pake pakhale m'munsi mwa pa lake. Umenewu ndi mwambo wa ku China ndi Korea, kumene wamng'ono amagwiranso chikho ndi manja awiri, ndipo ku Korea amatembenuzira nkhope kumbali pomwa pamaso pa wamkulu. Ndikuutchula chifukwa ukugwirizana bwino ndi ulemu wathu wolandira chinthu ndi manja awiri. Gundanitsani pamimba pa tambula, osati pakamwa pake, chifukwa pakamwa ndi popyapyala ndipo sipachedwa kubenthuka.

Ngati adzakupatsaninso ntchito yotsegula botolo, samalani. Mpweya wa m'botolo la shampeni umakankha ndi mphamvu yoposa kawiri ya mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono, ndipo chotsekera chake chikathawa chimatha kuvulaza diso. Botololo likhale lozizira ndipo musalikhutchumule, ngakhale ojambula zithunzi akupempheni kuti thovu liuluke. Masulani kawaya chala chachikulu chili pamwamba pa chotsekera, lozetsani botolo kumene kulibe anthu kapena mababu, gwirani chotsekeracho ndi kansalu, ndipo muzipotoza botolo pang'onopang'ono, osati chotsekera, mpaka chituluke ndi kaphokoso kochepa. Thirani pang'ono m'tambula lililonse, dikirani thovu litsike, kenaka onjezerani mpaka kupitirira theka pang'ono, kuyambira la mkwatibwi.